Musawauze, Bipi Ingakwere

Dzina loti Hutala munthu sapatsidwa popanda chifukwa. Bambo amenewa akati "mwadzuka bwanji" ali pakhomo pawo, oyankha ankakhala a nyumba yachitatu. Ntchito yawo inali yoyendetsa basi yonyamula ogwira ntchito pafakitale ya simenti, ndipo anzawo ankaseka kuti hutala ya basiyo inachita dzimbiri, poti mwini wake ankangotulutsa mutu pazenera n'kukuwa yekha. Mkazi wawo, yemwe aliyense ankangomutcha Mayi Makatani chifukwa cha makatani amene ankasoka pakhonde, anali atazolowera kalekale. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Pafakitalepo madalaivala ankayezedwa chaka ndi chaka. Chaka chimenecho nesi anamanga lamba wake pamkono wa a Hutala, n'kuyang'ana makina, n'kumasula, n'kumanganso mkono winawo. Kenako anawalanda makiyi a basi mwaulemu wonse. Magazi awo ankathamanga kwambiri. Anawapatsa mwezi: bipi ikatsika abwerera pachiwongolero, ikakana basiyo apatsa wina.

Ulendo wachiwiri Mayi Makatani anapita nawo kuti akamve ndi makutu ake, chifukwa amuna akewo akamafotokoza za kuchipatala ankadumpha zonse zowawa.

"Mapiritsi asasiye," nesi anatero, "koma mapiritsi okha sangagwire ntchito yonse. Mchere muchepetse. Aziyendako pang'ono. Ndiye m'mawa ndi madzulo azikhala pamalo a phee, atsinzine, azikoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, n'kuutulutsa pakamwa osafulumira. Mapewa agwe, nsagwada zimasuke. Aziganiza chinthu chowakhazika mtima pansi. Inu mayi muzikhala nawo n'kumawawerengera, anthu ngati awa paokha sachita."

Ali pakhomo kutsanzika, nesiyo anangoponyapo kamawu kena: "Zowakwiyitsa nazo zizichepako."

Kamawu kameneko ndi kamene banja linatola n'kukakulitsa. Mwana wawo wamkazi, wogulitsa mafoni m'tauni, anafika madzulo omwewo atanyamula makina oyezera bipi ndi malamulo ake. Foni ya bambo ake anaitenga, ati akaikonze, ngakhale inalibe vuto. Wailesi inasamukira kukhitchini chifukwa timu yawo inkaluza Loweruka lililonse. Anzawo ocheza nawo za mpira ankabwezedwa pageti monong'ona. Chipinda chakumbuyo, chosungiramo nsalu, anachisesa n'kuikamo mpando wandalema, ndipo Mayi Makatani anasoka yekha makatani ochindikala oti ngakhale masana m'katimo muzikhala kamdima.

"Mwanditsekera ngati nkhuku yofungatira," a Hutala anadandaula. "Nanga mazira ake ali kuti?"

Palibe anaseka mokweza. M'nyumbamo anthu anayamba kuyenda monyang'ama, mbale kuziika pansi ngati zili ndi mwana wogona. Makina osokera nawo ankalira pokhapokha bambo akapita kokayenda.

Sabata yachiwiri foni ya Mayi Makatani inalira. Anali mwana wa alamu ake. Alamuwo anali mlongo wamkulu wa a Hutala, amene anawalera makolo atamwalira, munthu yekhayo padziko lapansi amene akati "iwe, khala chete" n'kuwagogoda ndi chala padzanja, a Hutala ankakhaladi chete. Tsopano anali atagonekedwa m'chipatala cha mumzinda wina, ulendo wa theka la tsiku pa basi. Anawapeza ndi chotupa m'mimba, ndipo madokotala ankalankhulira pambali.

Odwalawo anatenga foni okha. Mawu anali ofooka koma lamulo linali lomwe lija.

"Alamu, mlongo wangayo musamuuze. Ndikumudziwa ine. Athamanga, akuwa, mtsempha uduka, muika awiri. Ayambe wayezetsa, atenge makiyi ake, kenako abwere adzandione nditachira."

"Chabwino alamu, ndamva."

Mwana wamkazi wa a Hutala atamva anangoti, "Mwamva mayi? Eni ake anena okha."

Mayi Makatani anavomera ndi mtima umodzi. Zinkaoneka zanzeru, zinkaoneka za chikondi. Sanadziwe kuti m'chipinda chimene anatsekera amuna ake wadzitsekeramonso yekha.

M'mawa ndi madzulo ankalowamo awiri. Bambo pampando wandalema, iye pathumba la zidutswa za nsalu, maondo pafupifupi kugundana poti chipindacho chinali chaching'ono. M'katimo munkanunkha nsalu zatsopano ndi mafuta a makina.

"Tsinzinani. Kokani mpweya. Pang'onopang'ono, bambo, simukupopa tayala. Gwirani. Tulutsani."

Masiku oyamba zinali zoseketsa. A Hutala ankasuzumira ndi diso limodzi. Akagwetsa mapewa nsagwada zinkalimba, akamasula nsagwada phazi linkaponda buleki yomwe panalibe. Chovuta kwambiri chinali chija choganiza zokhazika mtima pansi.

"Ganizani mtsinje ukuyenda," Mayi Makatani anawathandiza.

"Ndayesa. Zikundifunitsa kukataya madzi."

"Ndiye ganizani msewu wopanda galimoto."

Anatsinzina kanthawi. "Pakona pali wapolisi."

Koma tsiku lina madzulo mkaziyo anaona nkhope ya amuna ake ikusalala, makwinya a pamphumi akuchoka, manja atagwa okha m'mbali mwa mpando. Anawerenga mpaka anasiya, iwo n'kumapitiriza okha. Atatsegula maso analankhula ndi mawu otsika, achilendo m'kamwa mwawo.

"Ndachipeza, mayi. Ndili mwana chifuwa chinkanditseka. Ndiye achemwali ankandikhazika pamiyendo pawo, dzanja lawo apa," anagwira pachifuwa, "n'kumati, puma ndi ine, iwe, usathamange. Ndikangowaona chonchi m'maganizo, thupi lonse likuti phee."

Mayi Makatani anadzuka n'kukakonza makatani omwe anali okonzeka kale.

Kuyambira tsiku limenelo manambala a pamakina anayamba kutsika. A Hutala ankanyadira ngati mwana wakhoza mayeso. Mkazi wawo anamupatsa dzina loti Adokotala. Nthawi ikakwana ankamuitana okha, "Adokotala, odwala afika!" Ndipo iye ankalowa, n'kukhala pathumba paja, n'kumawerengera munthu amene mankhwala ake anali nkhope ya mlongo wake, pomwe mlongoyo ankatha ngati sopo pabedi la chipatala.

Foni ankayankhira kuseri kwa nyumba, pachingwe choyanikira zovala. Akabwerako ankati anali kasitomala.

"Makasitomala anu masiku ano akukukondani," a Hutala anatero tsiku lina. "Kodi achemwali sanaimbe? Lamulungu ladutsa, si khalidwe lawo."

"Anaimba muli m'tulo. Akuti ali bwino, mupitirize kupuma."

Bodza limeneli linatuluka mosavuta, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa. Mawa lake linafuna linzake. Anapeka kuti alamu foni yawo ikuvuta, kuti apita kokaona mdzukulu, kuti apereka moni. A Hutala ankamwetulira n'kubweza moniwo, iye n'kuulandira, n'kusowa kokausiya.

Tsiku loyezetsa linali Lachisanu. Lolemba la sabata yomweyo mwana wa alamu anaimbanso, ndipo ulendo uno sanayambe ndi moni.

"Anti, amayi asintha mawu. Akuwafuna amalume. Akangodzidzimuka akufunsa kuti basi yafika? Ine ndikusowa chowayankha."

"Adokotala akuti chiyani?"

"Akuti amene akufuna kuwaona abwere."

Mayi Makatani anakhala pansi pomwepo, pamwala wochapira. Madzulo anakokera mwana wake wamkazi kukhitchini n'kumuuza. Mwanayo anagwira kukamwa, misozi ili lengelenge, koma mutu anapukusa.

"Mayi, masiku atsala ochepa chabe. Mukawauza lero, zonse tavutikirazi zathera m'madzi. Ntchito ithe, chabwino. Nanga akagwa pomwepo? Mwaiwala bambo a nyumba ya pakona aja?"

Sanaiwale. Bambo a pakonawo analandira uthenga wa ngozi ya mwana wawo ali chiimire, ndipo mpaka lero ankakoka mwendo, kamwa litakhotera kumodzi, mkazi wawo akuwapukuta dovu. Mayi Makatani ankawaona tsiku lililonse popita kogula ulusi.

"Lachisanu akangotuluka kwa nesi, tikwera basi tonse," mwanayo anatero. "Azakhali ndi olimba, adikira."

Apa ndiye Mayi Makatani anagwira njakata. Akanena, akhoza kupha mwamuna. Akakhala chete, alamu apita akuitana. Ankachita mantha, ankachitanso manyazi, ndipo pansi pa zonsezo munali kaukali kosowa mwini, poti aliyense anali atanena zake n'kumusiyira iye katundu. Mwana ankapita kuntchito. Alamu anali kutali. Wolowa m'chipinda chija n'kuyang'anizana ndi munthuyo kawiri patsiku anali iye yekha.

Lachiwiri m'mawa analimba mtima. Anakonza mawu ake akusesa, anawabwereza akutsuka makapu. Atalowa anapeza a Hutala atadzimanga kale lamba, akuloza makina.

"Adokotala, taonani! Ngati mnyamata! Lachisanu nesi uja andipatsa makiyi ndi manja awiri. Ndikangowatenga, oyamba kuwaimbira ndi achemwali. Ndiwauze kuti andichiza ali kwawo."

Mayi Makatani anangowamasula lamba uja. Anati ndinena madzulo. Madzulo anati ndinena mawa, munthu asagone ndi nkhani yoipa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo iye ankaudziwa mwambiwo bwino lomwe, koma kuudziwa sikunamutsegule pakamwa.

Lachitatu foni inalira masana. "Anti, dzulo aitana tsiku lonse. Lero mawu akuchepa."

Tsiku limenelo anasoka katani ya kasitomala mozondoka, n'kuisomola, n'kuisokanso mozondoka. Mutu unkamuwawa kunkhongo. M'makutu munkalira ngati muli nyenje. Chakudya anangochigwiragwira.

Lachinayi m'mawa analowa m'chipinda muja. Kamdima ka makatani ake omwe kanamupanikiza. Anakhala pathumba.

"Tsinzinani. Kokani. Tulutsani. Kokani. Tulutsani. Kokani."

A Hutala anatsegula maso. "Adokotala, lero mukundithamangitsa ngati kondakitala. Ndipume liti?"

"Pepani. Tiyambirenso."

Koma iwo sanatsinzine. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwezi wokhala phee unali utawaphunzitsa chinthu chimene m'zaka zonse za ukwati sankachita, kuyang'ana munthu osalankhula. Anaona mtsempha ukugunda pambali pa mphumi, anaona zala zikupotokola chidutswa cha nsalu.

"Tabweretsani mkono," anatero mwanthabwala. "Lero odwala ayeze dokotala."

"Aa, musataye mabatire."

"Bweretsani."

Anamumanga lamba. Makina analira, lamba anafufuma n'kumufinya mkono mpaka zala zinachita dzanzi. Mayi Makatani anayang'ana kukhoma. Lamba anaphwa pang'onopang'ono. A Hutala anawerama n'kuwerenga, ndipo nthabwala inachoka pankhope pawo. Nambala yake inaposa imene inawalanditsa makiyi.

Iye anadikira kukuwa. Kukuwa akanakudziwa pokugwira, anali nako zaka zambiri. Koma a Hutala anangodzuka, n'kumugwira m'mapewa, n'kumukhazika pampando wandalema. Iwo anakhala pathumba, maondo m'mwamba, chimunthu chonsecho.

"Tsinzinani, mayi."

"Bambo..."

"Tsinzinani. Kokani mpweya ndi mphuno. Musafulumire. Mapewa agwe. Eya. Tulutsani."

Mpweya unatuluka monjenjemera. Wachiwiri unatuluka ndi misozi.

"Kokaninso. Tulutsani. Tsopano nenani. Ndani?"

"Alamu."

Kunja mwana wa oyandikana nawo ankakoka chitini pansi.

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Ali m'chipatala. Poyamba anakaniza okha kuti tisakuuzeni. Koma kuyambira Lolemba akukuitanani."

"Lolemba."

"Ndinaopa, bambo. Ndinaopa kuti mugwa."

Anatsegula maso kuti aone kugwako. A Hutala anali atatsinzina, dzanja lawo pachifuwa, akukoka mpweya monga anawaphunzitsira. Nkhope inali itada bii, koma sanagwe. Anapuma choncho kangapo. Kenako anaimirira, n'kukankha makatani onse awiri mpaka waya wake anaduka mbali imodzi. Dzuwa linalowa, fumbi la nsalu likuuluka m'menemo.

"Nsapato zanga zili kuti?"

Mwana wamkazi anakumana nawo pageti akubwera ndi zipatso. Atangoona chikwama anadziwa.

"Adadi, nanga kuyezetsa mawa? Mwatsala pang'ono..."

"Foni yanga ija yakonzeka?" anamufunsa mofatsa.

Mwanayo anaweramitsa mutu.

"Fakitale ili ndi madalaivala ambiri, mwanawe. Ine mlongo ndili naye mmodzi. Amayi akowa tikabwerako uwaperekeze kwa nesi, ndi amene akudwala."

Ulendo wonse a Hutala anakhala kuzenera. Munthu amene akakwera basi ya wina ankayendetsa ndi pakamwa, kudzudzula giya iliyonse, tsiku limenelo sananene kanthu ngakhale dalaivala atapitirira lole pakona. Mayi Makatani anasiya dzanja lake pampando pakati pawo. Silinagwiridwe, silinakankhidwenso.

Anafika dzuwa litapendeka. Chipinda cha odwala azimayi chinali chachitali, mabedi mbali zonse, chikununkha mankhwala opukutira pansi. Mwana wa alamu anawaona ali kutali n'kuimirira, ndipo sanathamange kudzawalandira.

Pabedi lakumapeto panali kamunthu kakang'ono. Mayi Makatani sakanawazindikira alamu ake pakanapanda mpango umene anawasokera yekha. Maso anali otseka mwatheka. Mpweya unkatuluka wefuwefu, mofulumira, ngati wa munthu wokwera chitunda.

A Hutala anagwada pambali pa bedi. Analankhula ndi mawu awo atsopano aja, otsika, a m'chipinda cha makatani.

"Achemwali. Ndabwera. Ndine."

Palibe chinagwedezeka.

"Achemwali, basi yafika."

"Mawu anasiya dzulo madzulo, amalume," mwana wa odwalawo anatero. "Mpaka dzulo masana amakutchulani."

"Amati chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana Mayi Makatani, kenako pansi.

"Nena."

"Mutu unayamba kusokonezeka. Anaiwala kuti anakaniza okha. Ndiye amangofunsa kuti, mwanayu ndamulakwira chiyani kuti asabwere?"

Mayi Makatani anagwira chitsulo cha kumiyendo kwa bedi. Mawu amenewo anamulowa ngati singano ya makina italasa chala. Akananena Lolemba, alongo awiriwa akanacheza. Akananena Lachiwiri, akanamvana. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene anawataya anali iye, ndi manja ake achikondi omwewo.

A Hutala anadzuka pang'onopang'ono. Anakoka mpweya wautali ndi mphuno, mpaka chifuwa chinadzaza. Mkazi wawo anaganiza kuti akudzikhazika mtima pansi. Koma mpweya umenewo sunatuluke mwakachetechete.

"Achemwali! Ndine! Sindinakwiye! Sanandiuze!"

Chipinda chonse chinadzidzimuka. Supuni inagwa penapake. Odikirira odwala anatembenuka, ndipo nesi wa pamenepo anatulukira pakhomo nkhope ili gwa. A Hutala sanaone aliyense.

"Mwandimva? Ndabwera ine!"

Pamphumi pa odwalawo panachita kakhwinya, komwe kaja kamene kankabwera mlongo wawo akayamba phokoso pagulu. Dzanja lowonda linasuntha pabulangete. Chala chimodzi chinapeza dzanja la a Hutala n'kuligogoda, mopanda mphamvu, kawiri.

A Hutala anakhala chete nthawi yomweyo. Anaseka, kuseka kwake kukutuluka pamodzi ndi misozi, n'kugwadanso. Nesi uja anaima pakati pa njira, n'kubwerera.

Chala sichinagwedezekenso, ndipo maso sanatseguke. Mpweya unapitiriza kuthamanga. A Hutala anaika dzanja lawo lalikulu pachifuwa cha mlongo wawo, mopepuka.

"Pumani ndi ine," ananong'ona. "Musathamange."

Anayesa kukoka mpweya koma unaduka pakati. Anayesanso, unadukanso. Mapewa awo ankagwedezeka.

Mayi Makatani anali chiimire kumiyendo kwa bedi, osadziwa ngati ali ndi malo pamenepo. Ankafuna kupepesa, koma kupepesa kunali kochepa kwambiri. Anayamba kubwerera m'mbuyo kuti akaime pakhonde.

"Mayi," a Hutala anaitana osacheuka. "Ine ndikusokoneza. Bwerani muziwerenga."

Anasendera n'kugwada mbali inayo ya bedi. 

"Kokani mpweya," anatero. "Pang'onopang'ono. Tulutsani."